Apongozi ndi Mkamwini, Khomo Limodzi

Anthu amati feriya, ndiye kuti tchuthi, ndi kupuma. Ine ndikamva choncho ndimaseka, ndimaseka mpaka zidzukulu kundigwira paphewa, chifukwa feriya imene ndimaikumbuka ine inanditupitsa mapazi, inandisasitsa mawu, inandimeretsa imvi yoyamba ndikadali wamphamvu zanga.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Cuamba, kuseri kwa njanji, m'nyumba za antchito. Azungu tauniyo ankaitcha dzina lawolawo, ife tinkangoti Cuamba. Bambo a ana anga ankathira mafuta m'magudumu a komboyo, sitima ya pamtunda ija, munthu wofatsa, wa mawu ochepa, wakuda ndi mafuta mpaka m'zikhadabo. Ana tinali nawo asanu ndi awiri, wina ali m'mimba akumenya kale zibakera. Woyamba anali mtsikana, womvera, wanzeru zake. Pakati panali mapasa aamuna, amene Mulungu anandipatsa kuti ndisamakhale pansi. Enawo tiana totsatizana ngati zala, mpaka womaliza amene anali atangosiya bere.

Nkhondo tinkaionera pa siteshoni. Matropa, asilikali a boma aja, ankakwera komboyo kupita kumtunda akuimba, pobwera ali chete. Ndiye tsiku lina mayi wina wogulitsa nsomba zouma anandiuza pamsika kuti mudzi wathu wa ku Amaramba kulibenso. Anthu onse awasonkhanitsa, awatsekera m'mudzi wa mpanda pafupi ndi Mandimba, ati asamapatse chakudya anyamata a m'tchire. Amayi anga ali momwemo, okha, mawondo atatupa, madzi akuchita kupempha kwa anthu. Bambo anga anali atamwalira kale, alongo anga atabalalika.

Ndinauza bambo a ana kuti sukulu zikatseka tipita, ndipo sitibwerako opanda amayi. Iwo anavomera, anapempha feriya yawo kuntchito, anapatsidwa. Kenako anakanda kumutu nati, "Koma inu mukudziwa kuti ine ndi amayi sitinadyerane nkhuku."

Ndinkadziwa. Kwathu mkamwini sayang'ana nkhope ya apongozi ake aakazi, nawonso sayang'ana yake. Salankhulana, sadyera pamodzi, akakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire mpaka mnzake adutse. Si udani ayi, ndi ulemu, ulemu wolemera ngati mtondo. Pakabadwa mwana mmodzi kapena awiri, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, apongozi amapha nkhuku, mkamwini amapereka nsalu ya kapulana, adyera mbale imodzi ankhoswe akuona, basi manyazi atha. Ife tinachoka kumudzi ndili ndi mimba yoyamba. Chaka chamawa, chaka chamawa. Ndikapita kukaonetsa mwana ndinkapita ndekha, bambo ali pantchito. Ana anafika asanu ndi awiri, nkhuku ija ikadatolatola pabwalo.

Ndinati tikaona komweko. Ha, ndinakaonadi.

Ana atamva kuti kwa agogo, anamva kuti kunyanja, pakuti ndinawalera ndi nkhani za ku Amaramba, za mabwato ndi matemba oyanika pathandala. Ndinawauza bwinobwino kuti agogo anasamuka, nyanja anaisiya. Anavomera ndi mitu, nkupita kukadula nsungwi. Bambo awo, m'malo mondithandiza, anawapindira mbedza kuntchito. Ndiye tinakwera komboyo ndi mphasa, mapoto, thumba la ufa, ana asanu ndi awiri, ndi nsungwi zotalika kuposa chitseko. Nsungwi ina inagwetsa chipewa cha bambo wina wa ku Etatara, ina inalowa m'dengu la mazira la mayi wina amene ananditukwana m'Chimakuwa mpaka ndinaphunzira mawu atsopano. Uyu akufuna kukodza, uyu wakodza kale, uyu akulira poti mnzake wakhala pazenera. Komboyo ikukwawa ngati nkhono, chifukwa kutsogolo ankayendetsa ngolo ya mchenga kuti iyambe ndiyo kuponda ngati pansi pakwiriridwa kanthu. Pa mlatho uliwonse funso ndi limodzi. Kamtsinje kouma, amayi nyanja ndi iyi? Chithaphwi cha ng'ombe, amayi nyanja ndi iyi?

Tinatsika pa kasiteshoni kena m'tchire nkudikira kolona, ndiwo makamyao, malole aja, oyenda mondondozana, matropa kutsogolo ndi kumbuyo. Mwini kantina wina wa ku Mandimba anatikweza pa kamyao yake, pamwamba pa matumba a mchere. Tinafika ofiira psuu ndi fumbi, womaliza atasanza pa nsapato za bambo ake.

Tsono mudziwo, inu. Kwathu kwakale mkamwini ndi apongozi ankapewana osatuluka thukuta. Kunali nthochi, kunali nkhokwe, kunali bango, njira zopita kumadzi zinali zambirimbiri. Kuno nyumba anazindandalika ngati mano a chipeso. Mitengo yonse anadula kuti matropa aziona patali. Chipata chimodzi, chitsime chimodzi, njira yowongoka ngati njanji, ndipo nyumba ya amayi chipinda chimodzi, khomo limodzi. Ngakhale nkhuku inalibe pobisala.

Amayi anationa tikubwera. Anaimirira pogwira khoma, nthungululu m'mwamba, akutsimphina kuthamangira zidzukulu, manja atatambasula. Pamenepo bambo a ana anatulukira kuseri kwa mtolo wa mphasa umene anasenza. Nthungululu inaduka pakati. Amayi anatembenukira kumanja, palibe chitsamba. Kumanzere, palibe nkhokwe. Anatola lichero la mnansi wawo nkudziphimba nalo kumaso, madeya akuwathothokera m'khosi. Bambo nawo anaponya mphasa pansi, napita kukaima pa mpanda, nkhope kutchire, ali njo ngati mzati.

"Iwe mtsikana," anatero amayi m'kati mwa lichero, akuitana mwana wanga woyamba, "uwauze eni nyumba ya ku Cuamba kuti takondwa, afika."

"Uwauze agogo ako kuti tafika bwino, tathokoza," anayankha bambo ku mpanda kuja.

Mwana anaima pakati, kukamwa yasa. "Amayi, ndinenebe? Amvana kale."

"Nena, mwana wanga. Ukapanda kunena ndiye kuti sizinanenedwe."

Ananena, uku ndi uku, mawu omwewo. Akunena choncho, tropa wina wakuda anafika ndi mfuti yake nkufunsa bambo kuti akuyang'ana ndani kutchireko, akumupatsa chizindikiro chanji. Ndinapita ndi mimba yanga kukafotokoza kuti si anyamata a m'tchire ayi, ndi apongozi. Mnyamatayo anayang'ana lichero, anayang'ana bambo, naseka mpaka kutsamira mfuti. Anati kwawo nakonso n'chimodzimodzi, koma bambo akafuna kuchita manyazi aziyang'ana pansi, osati kumpanda.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinasanduka mluzu wa pa siteshoni. Amayi lowani, akudutsa. Bambo imani, akutuluka. Amayi tulukani, apita. Bambo bwererani, aiwala mpango. Munthu wina akafuna kupita kuchimbudzi, ine ndiyambe ndaona njira ngati ili yoyera. Chakudya ndinkaphika kamodzi, kupakula kawiri. Amayi adye m'nyumba ndi tiana, bambo adye pa khonde la anansi atafulatira, ndipo ine pofika poti ndidye, mapasa anyambita kale poto. Kogona bambo anakapempha kwa mnyamata wina wosakwatira kumapeto kwa mzere, m'kanyumba ka nsikidzi. M'mawa ankabwera akudzikanda, nkuima patali kudikira mluzu. Anandiuza kuti tikabwerera akandipemphera ntchito kwa akulu a njanji. Sindinaseke.

Ana tsono, ana. Nyanja kulibe, mtengo wokwera kulibe, kunja kwa mpanda saloledwa. Anasakasaka masewera mpaka mapasa anawapeza. Agogo akangokhala padzuwa kuti awothe mawondo, mmodzi amvekere kuchokera pakona, "Abambo akubwera." Agogo dzambatu, kulowa m'nyumba, mutu gu pa mphuthu ya khomo. Abambo ali kuchitsime, sakudziwa kanthu. Ndinawakwapula, anasiya mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina ndili pa mzere wa madzi, anagawana ntchito. Wina anauza agogo kuti abambo akubwera chakumaso, wina anauza abambo kuti agogo akubwera chakumaso. Onse awiri anathawira malo amodzi okhawo amene analipo, kampata kakang'ono pakati pa khoma la nyumba ndi kachisakasa kophikira. Wina analowera uku chobwerera m'mbuyo, wina uko chobwerera m'mbuyo, misana inatsala pang'ono kugundana. Aliyense anamva mpweya wa mnzake. Aliyense anaganiza kuti ulemu ndi kudikira mnzake ayambe kuchoka. Ndinabwera ndi ndowa pamutu, ndinapeza ana onse atakhala pansi mwa mzere ngati ali m'tchalitchi, akuonerera. Amayi maso tsinzi, atagwira khoma. Bambo maso tsinzi, nyerere zikukwera m'buluku.

"Mwakhala choncho kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Kuyambira muja munachoka," anatero mtsikana wanga. "Ndinati ndiwauze chiyani, palibe wandituma."

Ndinatula ndowa, ndinakoka amayi pa dzanja, ndinawakhazika pa mphasa. Mawondo atatupa ngati maungu. Madzulo ake ndikuwathowa ndi madzi ofunda, ndinayamba nkhani imene ndinabwerera.

"Amayi, tikamapita tipitira limodzi."

"Kuti?"

"Ku Cuamba. Kuli chipatala, madzi ali pafupi, ana azikutumikirani."

"Ana ake awa?" Anayang'ana mapasa, amene nthawi imeneyo ankapikisana kulavula patali. "Ndiye ndikakhale m'nyumba ya munthu amene sindinadye naye? Ndikwere naye kamyao imodzi, tiziyang'anana ngati mbuzi za pamsika?"

"Tiphe nkhuku tsono, mawa lomwe."

"Ankhoswe ali kuti?"

Apo ndiye panali pamutu pa nkhani. Nkhoswe ya kwathu anali amalume, ndipo amalume anaolokera ku Malawi pamene mudzi unkasamutsidwa. Nkhoswe ya bambo a ana inapita cha ku Ngauma kukagula fodya nkhondo isanakule, ndipo palibe amene anamvanso za iyo. Ndinapita kwa bambo, ndinati inu ndinu a m'tauni, yambani ndinu, ingowapatsani moni. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. "Ine ndiyambe? Kuti azikati mwana wa kwa uje analeredwa ndi komboyo?" Ndinabwerera kwa amayi. "Ine ndiyambe? Ndi imvi zangazi?" Ndinayenda pakati pawo, uku ndi uku, mpaka njira inakumbika.

Nsungwi zija nazo sizinagone. Mapasa ataona kuti nsomba kulibe, anakola njere ya chimanga ku mbedza nkuiponya kuseri kwa nyumba ya anansi athu. Anansiwo anali Achawa, Asilamu, anthu abwino amene ankawatungira amayi madzi. Ndinangomva kweee, kweee, ndi ana akukuwa kuti yadya, yadya. Ndikutuluka, ndikuona thadzi lalikulu likubwera chouluka kumapeto kwa chingwe, mayi mwini wake ali pambuyo ndi mthiko. Ndinagwada pansi kupepesa. Mayiyo anapuma, anayang'ana nkhuku yake, mbedza ili pakhosi, kenako anayamba kuseka.

"Anzanga, iyi siichiranso. Mwina ndi Mulungu. Mwamuna wanga aizinge, aime ngati nkhoswe, awiriwa adye, inu mupume. Tatopa nafe kukuonani mukuthamanga ndi mimbayo."

Ndinavina, inu. Ndinavina pomwepo ndi fumbi langa. Ndinalowa m'nyumba kukauza amayi.

"Bambo amenewo analipo pamene unkakwatiwa?"

"Ayi."

"Akudziwa amene anabereka agogo ako?"

"Amayi, ndi nkhondo ino."

"Nkhondo yatenga nyanja, yatenga nthochi zanga, yatenga manda a bambo ako. Ichi chokha ndiye ndichipereke ndekha? Nkhoswe sabwereka kwa anansi ngati sefa."

Ndinapita kwa bambo a ana kuti mwina andithandiza kuwanyengerera. Iwo anagwedeza mutu mokhutira, nati, "Amayi anena zoona." Pa nkhani yokhayi ndiye ankagwirizana, anthu awiri osalankhulana. Nkhuku inazingidwa, inaphikidwa, amayi anadya chiwindi m'nyumba, bambo anadya ntchafu pa khonde atafulatira, mapasa anadya mapazi ndi mutu ngati mphotho ya ntchito yawo. Nkhuku inatha, manyazi anatsala.

Feriya ya bambo inali kutha. M'mawa wina tinamva mfuti zikulira kutali, cha kumapiri a ku Ngauma, ndipo tsiku limenelo chipata sichinatsegulidwe, palibe anapita kumunda. Anthu a mawondo abwino ankanong'onezana za njira ya ku Malawi. Ndinayang'ana amayi, ndinadziwa kuti tsiku lothawa likadzafika, iwo adzatsala pa mphasa pomwepo. Mawu anafika kuti kolona inyamuka m'mawa mwake.

Ndinamanga katundu. Kenako ndinamasulanso, ndinayala mphasa pakati pa nyumba, ndinakhala pansi nditatambalala.

"Ukutani?" anafunsa amayi.

"Ndakhala. Bambo apita okha kuntchito. Ine ndibereka momuno, ana onse akhala momuno. Sukulu asiya. Mapasa akulira momuno, inu muziwalera."

Panja panamveka chiphokoso, mphika kusweka, ndi mawu a mapasa akukanirana kuti si ine, ndi uyu. Amayi anatseka maso.

"Unali mwana wamakani kuyambira m'mimba," anatero. "Itana mtsikana uja."

Mtsikana anabwera, bambo anaitanidwa naima kuseri kwa khoma, ndipo amayi anapereka malamulo awo kudzera mwa mwana. Pa kamyao iwo akhala kumbuyo kwenikweni, kuyang'ana kumene tachokera. Eni nyumba ya ku Cuamba akhala kutsogolo, kuyang'ana kumene tikupita. Pakati pamangidwe kapulana. Mu komboyo, ngolo zosiyana. Ku Cuamba salowa m'nyumba yathu, awamangire yawo. Ndipo amalume akadzabwera ku Malawi, nkhuku idzaphedwa mwa dongosolo lake. Kuseri kwa khoma kunamveka kuomba m'manja, phu, phu, phu. Mwana anati, "Abambo avomera." Amayi anati, "Sanakutume, dikira akutume."

M'mawa tinafika pa msewu, makamyao akulira kale. Yathu inali itadzaza matumba a nyemba mpaka pamwamba. Bambo anakweza ana mmodzimmodzi, nazungulira kutsogolo monga mwa pangano. Ine ndinakwera movutika, shofero, woyendetsa kamyaoyo, akundikoka. Ndinamanga kapulana pa nsungwi ziwiri zija, zinapeza ntchito pomaliza. Amayi anatsala pansi ndi kamtolo kawo. Anakweza mwendo, sunafike ngakhale pa gudumu. Ndinawagwira manja kuchokera pamwamba, sindinathe, mimba ikunditsekereza. Shofero anali atalowa kale, akuliza lipenga. Amuna ena onse anali pamwamba pa makamyao awo, aliyense atakumbatira katundu wake. Kamyao ya kutsogolo inayamba kuyenda. Tropa wina anakuwa kuti wotsala watsala, kolona sidikira nkhalamba.

Amayi anasiya manja anga. "Pitani," anatero. "Mwaona nokha, sindinakane."

Ndinafuna kulira, ndinafuna kutukwana, sindinadziwe choyamba. Pamenepo ndinaona bambo a ana akutsika kutsogolo kuja. Anavula malaya awo, anadzikulunga nawo kumutu konse, nabwera chopapasa m'mbali mwa kamyao ngati wakhungu. Atafika kumbuyo anagwada, manja pansi, mawondo pansi, msana tantha, mutu uli m'malaya, osanena kanthu.

Amayi anayang'ana kumwamba. Anayang'ana mtsikana wanga amene anasuzumira pamwamba pa matumba.

"Iwe, pano panali chitsa?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndinamutsinzinira diso.

"Chinalipo, agogo."

"Ndi cholimba?"

"Ndi cholimba."

Amayi anavula nsapato zawo za matayala, anazipereka m'mwamba, anapukuta mapazi ndi nsonga ya kapulana. Anaponda. Chitsa chinabuula pang'ono, kenako chinayamba kukwera chokha, pang'onopang'ono, mpaka amayi anafika poti ine ndi mtsikana tiwagwire m'khwapa. Anagwera pa matumba a nyemba, anakonza mpango, anakhala kuyang'ana kumbuyo. Kamyao inali itayamba kale kugubuduka. Bambo anathamanga m'mbali, malaya akadali kumutu, anagunda galasi la shofero, anatukwanidwa, anakwera.

Mapasa anatsegula pakamwa onse awiri. Ndinawagwira makutu, limodzi kudzanja ili, lina kudzanja ili, ndinati woyamba kunena kanthu ayenda wapansi mpaka ku Cuamba. Anatseka. Tinayenda, fumbi likukwera, mpanda uja ukucheperachepera, amayi akuuyang'ana mpaka unabisika. Patapita nthawi anaitana mtsikana.

"Ukawauze eni nyumba kuti khomo la kanyumba kanga liyang'ane kuphiri, lisayang'ane kunjanji. Utsi umanditsokomoletsa."

Mwana anakwawa pa matumba, anadutsa pansi pa kapulana, anakanena. Anabweranso chokwawa.

"Ati amva. Ati udzu wofolera akagula Loweruka."

"Wa kudambo, osati wa kumtunda. Wa kumtunda umadontha."

Mwana anapumira m'mwamba, anatembenuka, anayambanso kukwawa. Ine ndinatsamira thumba la nyemba, womaliza ali pamiyendo, ndinavula mpango ndinadziphimba nawo kumaso, ndinawauza ana kuti aliyense wofuna kukodza akauze agogo ake.